Kutchuka kwa Profesa Kuntoro

Pa yunivesite yathu kuno ku Semarang, pachilumba cha Java, munthu amene dzina lake linkamveka kunja kwa dziko anali mmodzi yekha, Profesa Kuntoro Wiryawan. Ena tonsefe tinkadziwika kwa akazi athu, kwa ophunzira amene tawalepheretsa mayeso, ndi kwa mayi wogulitsa tempe, chakudya cha soya, pageti. Koma dzina la Pak Kuntoro (kuno bambo timati Pak, mayi Bu, achimwene Mas) ukangolilemba pakompyuta, mapepala a akatswiri a ku Tokyo, ku Toronto ndi ku Berlin ankachita kusefukira.

Ine ndine Danang. Ndinali wophunzira wawo, kenako ndinalembedwa ntchito yauphunzitsi m'dipatimenti yawo yomweyo yoona za ubongo. Choncho nkhaniyi ndinaionera pafupi.

Mbiri yawo yonse inachokera pa pepala limodzi lomwe analemba mu 1991, tsitsi lidakali bii. M'kati mwa ubongo muli kachigawo kotchedwa hipokampasi, komwe akatswiri amati popanda iko cholengedwa sichingakumbukire kumene chadutsa. Pak Kuntoro anachotsa kachigawoko m'makoswe awo, n'kuwaika m'bokosi la tinjira tokhotakhota, chakudya chili kumapeto. Makoswe otero amayenera kusochera. Koma iwo analemba kuti ukapaka fungo panjira yolondola, makoswewo amaikumbukira mawa ndi mkuja womwe, ngakhale fungolo utalitsuka. Anati fungo lili ndi kakhomo kakekake kolowera m'chikumbukiro.

Pepalalo litatuluka m'magazini ina yakunja, akatswiri a m'mayiko ambiri anayesa kubwereza zomwezo. Onse analephera. Aliyense akalephera ankalemba pepala lake, ndipo pepala lililonse linkayamba ndi mawu akuti, "Mosiyana ndi zimene ananena Kuntoro." Ophunzira awo anatengera. Pasanapite nthawi, kutsutsa Kuntoro kunasanduka mwambo, ngati kusamba m'manja usanadye. Ngakhale munthu wofufuza za ntchentche ankayamba wamutsutsa kaye Kuntoro, kenako n'kulowa m'nkhani yake ya ntchentcheyo.

Tsono makina owerengera kuti katswiri watchulidwa kangati sadziwa kusiyanitsa kuyamika ndi kunyoza. Amangoona dzina n'kuwonjezera. Chaka ndi chaka, akamasanja mayunivesite kuti yoposa inzake ndi iti, yathu inkakwera, ndipo inkakwera itaberekedwa kumsana kwa munthu mmodzi. Pak Kuntoro anapatsidwa galimoto ndi dalaivala wake, ofesi yozizira ngati m'firiji, ndi thanki ya nsomba zofiira. Anasiya kugwira makoswe. Ntchito yawo inasanduka kuvala malaya amaluwamaluwa a batik ndi kumenya belu lotsegulira misonkhano.

Ife a m'dipatimenti tinkadziwa zimene mapepala aja ankanena, koma tinkangoti pakamwa tseke. Kuno ku Java suuza wamkulu kuti malaya ake ang'ambika kumbuyo. Umamuyamikira nsapato. Ndiponso tonse tinkadyera momwemo.

Nthawi yoti Pak Kuntoro apume pantchito itayandikira, mkulu wa yunivesite, Pak Rekita Gunadi, anandiitanitsa. Iwowa anali katswiri wa misewu ndi milatho, ndipo za ubongo ankangodziwa kuti umakhala m'mutu.

"Mas Danang, khalani apo. Mwaiona nyumba yatsopano ikumangidwa kuseri kwa laibulale?"

"Ndaiona, Pak."

"Imeneyo tiitcha dzina la Pak Kuntoro. Ndipo tsiku lotsanzikana nawo ndikufuna phwando loti nduna ikamva, ichite manyazi kuti sinabwere. Mundipezere akatswiri akunja amene amawatchula kwambiri m'mapepala awo. Muwaitane. Ndege, hotela, zonse ndi zathu."

"Pak Rekita, anthu amenewo alipodi ambiri. Kungoti katchulidwe kake n'kosiyanasiyana."

"Ndiye bwino! Boma masiku ano likufuna zosiyanasiyana zomwezo."

"Ndimati ena mwa iwo sagwirizana nawo kwenikweni."

"Mas Danang, ine ndakhala ndi mkazi wanga zaka zambirimbiri. Sagwirizana nane pa chilichonse, koma dzina langa silichoka pakamwa pake. Chimenecho ndiye chikondi. Kaitaneni anthu."

Ndinaitana. Ambiri anakana mwaulemu. Wina anati mwendo, wina anati mdzukulu, wina anangofunsa ngati tikunena zoona. Ovomera anali awiri. Woyamba anali Profesa Hollingworth wa ku Australia, mdala amene anathera moyo wake wonse akutsutsa Pak Kuntoro, mpaka kulemba buku lathunthu. Wachiwiri anali Dokotala Marites Dimaculangan, mayi wachitsikana wa ku Philippines, yemwe anayankha mawu ochepa: "Ndibwera, ndipo ndili ndi mphatso ya a Profesa."

Mawu akuti mphatsowo anandisowetsa mtendere. Ndinaona kuti mphunzitsi wanga akachititsidwa manyazi pamaso pa atolankhani, tsiku lake lomaliza, chifukwa cha ine. Loweruka lina masana ndinakwera njinga yanga yamoto n'kupita kunyumba kwawo kuti ndikawachenjeze.

Ndinawapeza pakhonde atavala sarong, nsalu yomanga m'chiuno, akudyetsa njiwa zawo zoimba. Akazi awo, Bu Sumarni, anabweretsa tiyi wotsekemera ndi nthochi zokazinga. Ndinayamba ndi za mvula, n'kupita ku za mitengo ya mpunga, n'kubwereranso ku mvula.

"Nang," anatero Pak Kuntoro, osandiyang'ana n'komwe, "wazungulira ngati khoswe wopanda hipokampasi. Nena chimene wadzera."

"Pak, alendo akubwerawa, mapepala awo ndawawerenga. Akamakutchulani, samakutchulani mokuyamikirani."

Anaika chitini cha chakudya cha njiwa pansi n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Bu! Tabwera udzamve. Danang watulukira kuti azungu amanditsutsa!"

"Wachedwa," anayankha Bu Sumarni ali kukhitchini. "Ine ndinayamba kale iwo asanayambe."



"Iwe unkaganiza kuti ine sindidziwa kuwerenga?" anatero Pak Kuntoro. "Onse aja ndimawawerenga, ena kawiri. Ukumukumbukira malemu Sasmito, amene ofesi yake inali moyang'anana ndi yanga? Munthu wosamala, wosalakwitsa kanthu. Chilichonse chimene anapeza chinali choona. Lero ndani amamutchula? Ngakhale ana ake sadziwa kuti ankafufuza chiyani. Munthu ukanena zoona, anthu amagwedeza mutu n'kudutsa. Koma ukalakwitsa, amaima. Amaitana anzawo. Amapempha ndalama kuboma kuti adzakuonetse kuti walakwitsa. Ine ndadyetsa mabanja ambiri, Nang. Hollingworth uja ana ake anaphunzira chifukwa cha ine."

"Nanga inuyo, Pak, mumakhulupirira zimene munalemba zija?"

Anatembenukira kwa njiwa zawo.

"Makoswe anga anakumbukira. Ndinaona ndi maso angawa. Koma dziko lonse likamakuuza kwa zaka zonsezi kuti sunaone, umayamba kudzifunsa kuti mwina ndinali ndi njala tsiku limenelo." Kenako anandikankhira mbale. "Idya nthochi. Alendo ako abwere. Akanditsutsa pamaso pa Rekita, iye aziomba m'manja, chifukwa chizungu amachimva mwapatalipatali."

Alendo anafika kutatsala tsiku limodzi. Masana tinapita nawo kumalo odyera a m'mbali mwa nyanja. Profesa Hollingworth anali wamtali, wofiira ngati nkhanu yophika, thukuta lili kamukamu. Atangowaona Pak Kuntoro anawakumbatira ngati mbale wake wotayika.

"Kuntoro, mdala iwe! Ukadali wolakwa?"

"Kwambiri. Nanga iwe ukadali wopanda maganizo akoako?"

Anaseka onse awiri, akumenyana pamsana. Dokotala Dimaculangan anali wamfupi, wa magalasi, wosakonda zocheza. Ankadya mwakachetechete, chikwama chake chili pamiyendo. Mpunga ndi nsomba zitatha theka, anapukuta pakamwa.

"A Profesa, ndili ndi funso. M'pepala lanu lija munangolemba kuti munagwiritsa ntchito fungo lamphamvu la chakudya. Simunatchule kuti linali fungo la chiyani."

Pak Kuntoro anakanda kumutu. Analoza kambale ka tsabola kamene kanali pakati pa tebulo. "Linali la terasi."

"Terasi n'chiyani?" anafunsa Hollingworth.

"Chimene chikununkha mu tsabola ukudyayo. Tinkhanu ta m'nyanja tovunditsa."

"Ndiye bwanji sunalembe choncho?"

"Ndikanalemba bwanji? Mnyamata wa ku Semarang, pepala langa loyamba m'magazini ya azungu, ndilembe kuti ndinapaka zovunda za kukhitchini kwa amayi anga? Mukanandiseka."

"Ife tinkagwiritsa ntchito vanila," anatero Hollingworth chapansipansi. "Ndi timadzi tonunkhira ta m'mabotolo."

"Inenso ndinkafuna kugwiritsa ntchito zomwezo," anatero Dokotala Dimaculangan. "Ndinkafuna kukutsutsani, a Profesa, ngati mmene amachitira aliyense akamayamba ntchito. Koma mabotolo anga anakanirira kudoko. Ndinatopa n'kudikira, ndiye ndinatenga bagoong, terasi wa kwathu, n'kupaka panjira ya makoswe." Anatsegula chikwama n'kutulutsa kompyuta. "Anakumbukira. Ndinabwereza, anakumbukiranso. Ndinapempha anzanga a ku Hanoi ndi ku Bangkok kuti ayese ndi zovunditsa za kwawo. Chimodzimodzi. Pepala langa alilandira kale m'magazini yaikulu. A Profesa, inu simunalakwitse. Mawa ndilengeza pamaso pa anthu onse. Mphatso yanga ndi imeneyo."

Supuni ya Hollingworth inagwera m'mbale. Ine mtima unadzaza chimwemwe, ndinatsala pang'ono kuimirira kuti ndiwagwire chanza aphunzitsi anga. Koma nditawayang'ana, nkhope yawo inali ngati ya munthu amene dokotala wamuuza kuti aitanitse abale.

"Mwana wanga," anatero Pak Kuntoro mofatsa, "sayansi sifuna phuma."

"Zoona zimenezo," anavomera Hollingworth msangamsanga. "Pafunika kufufuza kwina. Zaka khumi kapena kuposerapo."

"Mwina makoswe ako anali anzeru mwachibadwa."

"Mwina kunali kotentha."

"Makoswe a ku Manila ndi ochenjera, aliyense amadziwa. Amakwera basi okha."

Dokotala Dimaculangan anawayang'ana mosinthanasinthana. "Pepani, sindikumvetsa. Kwa zaka zonsezi mwakhala mukukangana, ndiye lero mukugwirizana?"

"Tamvera, mwana wanga," anatero Pak Kuntoro atatsitsa mawu. "Mkangano uwu ndi munda. Ine ndimalima mbali iyi, mnzangayu mbali iyo, ndipo tonse timakolola. Iwe wabwera kudzathira simenti."

"Ine ndabwera kudzanena zimene makoswe anachita," anayankha mayiyo, n'kutseka kompyuta yake. Kenako anapempha kuti amuwonjezere mpunga.

M'mawa mwake holo inadzaza. Oimba gamelan, nyimbo za ng'oma ndi mabelu za kwathu, anali pakona, akuluakulu onse atavala mikanjo yawo yakuda ndi zipewa zangati mbale, atolankhani ali mbwee kutsogolo. Pakati pa nsanja panali tumpeng, phiri la mpunga wachikasu, lalitali kufika m'chiuno mwa munthu. Pak Rekita analankhula kwa nthawi yaitali. Anati ubongo wa Pak Kuntoro ndi chuma cha dziko, wofanana ndi mafuta ndi malasha. Anati dzina lawo latchulidwa kambirimbiri kuposa la katswiri wina aliyense pachilumba chino, ndipo akanakhala kuti katchulidwe kalikonse ndi njerwa, bwenzi titamanga mlatho wokafika ku Borneo.

Hollingworth atapatsidwa mpata anangoti Kuntoro ndi munthu wabwino, Semarang ndi mzinda wotentha, n'kukhala pansi.

Kenako anaimirira Dokotala Dimaculangan. Analankhula mosakometsera, akuonetsa zithunzi za makoswe pakhoma. Atafika pa mawu akuti Profesa Kuntoro ananena zoona kuyambira pachiyambi, ndipo dziko lonse ndi limene linalakwitsa, ine ndinamasulira m'chilankhulo chathu kuti aliyense amve.

Holo inaphulika. Anthu anaimirira, ophunzira akuimba mluzu. Pak Rekita anandikoka mkono.

"Mas Danang, akuti dziko lonse linalakwitsa? Kodi panali amene ankati Pak Kuntoro analakwitsa?"

"Analipo angapo, Pak."

"Ansanje!" anatero, misozi ikulengeza. Anakwera pansanja, n'kudula nsonga ya tumpeng, n'kuipereka kwa Pak Kuntoro ndi manja awiri. Makamera anang'anima. Pa chithunzi chimene chinatuluka m'nyuzipepala tsiku lotsatira, aliyense akuseka kupatula mwini phwando, amene wagwira mbale ya mpunga ngati wagwira chithunzi cha malemu pamaliro. Mtolankhani analemba kuti a Profesa anagwidwa ndi chimwemwe chosaneneka.

Miyezi yoyamba zinthu zinakoma. Pak Kuntoro anaitanidwa pa wailesi yakanema, anajambulidwa atanyamula terasi, ndipo kampani ina yopanga tsabola inawapempha kuti nkhope yawo ikhale pabotolo. Bu Sumarni anakana. Anati sangalole kuti mwamuna wawo azipezeka m'khitchini mwa mkazi aliyense mu Java muno.

Koma zimene ananena pakhonde paja zinayamba kuchitika. Akatswiri anasiya kuwatsutsa, chifukwa panalibenso chotsutsa. Ofuna kunena za fungo ndi kukumbukira ankatchula Dimaculangan, poti pepala lake linali latsopano ndiponso linafotokoza bwino kapakidwe kake. Patapita nthawi nkhaniyo inalowa m'mabuku a ophunzira a chaka choyamba, ndipo chinthu chikalowa m'mabuku amenewo chimakhala ngati mchere, palibe amafunsa kuti anautulukira ndani. Chiwerengero cha Pak Kuntoro chinaima ngati wotchi yakufa. Hollingworth anasiya ntchito n'kukayamba kuweta nkhosa.

Masanjidwe a mayunivesite atatulukanso, tinali titatsika. Chaka chotsatira tinatsikanso, mpaka kupitidwa ndi yunivesite ina ya ku Surabaya imene Pak Rekita ankaitcha sukulu ya mkaka. Anandiitanitsa.

"Mas Danang, tandimasulireni. Pamene munthuyu ankaoneka wolakwa, tinali pamwamba. Lero wapezeka wolondola, tili pansi. Kodi sayansi yanuyi imayenda chammbuyo?"

Ndinayesa kufotokoza. Anandimvetsera atatseka maso, zala zili pachipumi.

"Chabwino," anatero pomaliza. "Ndiye sangalakwitsenso kamodzi? Kakang'ono chabe. Yunivesite iwathandiza."

"Anapuma pantchito, Pak."

"Nanga inuyo? Mwakhala pano nthawi yaitali. Simungalakwitse chinachake chachikulu?"

"Ndimalakwitsa, Pak, koma palibe amaona."

"Vuto lanu achinyamata ndi limenelo. Mulibe masomphenya."

Nyumba yatsopano ija itatha, dzina la Pak Kuntoro silinalembedwepo. Inatchedwa dzina la mwini fakitale ina ya zokazinga za m'mapaketi, amene anapereka denga ndi magalasi. Pak Kuntoro anapatsidwa kachipinda ka misonkhano kapansi, pafupi ndi poimika njinga zamoto. Galimoto ija yunivesite inawalanda, nsomba zofiira zija zinasamukira ku ofesi ya Rekita.

Tsiku lina m'mawa ndikulowa mu labotale, ndinapeza munthu atavala chovala choyera chomuthina pamimba, akusuzumira m'makola a makoswe. Anali Pak Kuntoro.

"Nang, makoswe a masiku ano aonda. Mumawadyetsa chiyani?"

"Pak, mwabwera kudzationa?"

"Ndabwera kudzagwira ntchito. Ndipatse makoswe, bokosi, ndi terasi wabwino, osati wa m'sitolo." Anayang'ana kukhomo n'kutsitsa mawu. "Ndaganiza. Ngati palibe wofuna kunditsutsa, ndidzitsutsa ndekha. Tangoganiza mutu wa pepalalo. Kuntoro akuti Kuntoro analakwitsa. Ogwirizana ndi wakale azinditchula, ogwirizana ndi watsopano azinditchulanso. Uku ndi uku, ine ndemwe."

Pak Rekita atamva anasangalala kwambiri, mpaka anatumiza maluwa ndi makoswe atsopano.

Ntchito inayamba movuta. Manja a Pak Kuntoro ankanjenjemera, maso sankaonanso bwino, ndipo sabata yoyamba khoswe anawaluma chala chachikulu. Opaleshoni ya tiubongo ndinkawachitira ine. Iwo ankapaka terasi, n'kukhala pakampando pafupi ndi bokosi, n'kumadikira kuti makoswe aiwale.

Makoswe sanaiwale. Ankatsuka bokosi ndi sopo, makoswe n'kudutsa njira yomweyo. Anasintha bokosi, anasintha terasi, anadikira masabata. Khoswe ankangotuluka, kununkhiza m'mwamba pang'ono, n'kulunjika kuchakudya ngati wobadwira momwemo. Ophunzira odutsa pakhonde ankamva mawu a katswiri wamkulu wa yunivesite akukuwa m'kati.

"Iwala, galu iwe! Khotera kumanzere! Ndakulakwira chiyani?"

Tsiku lina Pak Rekita anabwera okha kudzaona mmene zikuyendera. Anaima pakhomo atatseka mphuno ndi mpango.

"Pak Kuntoro, pepala lija lili pati?"

"Makoswe akukana."

"Makoswe sawerenga magazini. Simungangolemba kuti aiwala? Ndani akawafunse?"

Pak Kuntoro anatembenuka pang'onopang'ono. Munthu uyu ankakonda ulemu, ankakonda galimoto, ankakonda kumenya belu. Koma tsiku limenelo ndinaona kuti pali malo ena amene sankafikako.

"Pak Rekita, ine ndinatchuka chifukwa anthu ankaganiza kuti ndalakwitsa. Kulakwitsa ndi ntchito yaulemu. Bodza ndi la anthu omanga milatho."

Pak Rekita anachoka osatsanzika, ndipo maluwa sanabwerenso.

Ndinkayembekezera kuti mdalayo agwa ulesi n'kubwerera ku njiwa zake. Koma m'kati mwa kutukwana makoswe muja anaona kanthu kena. Pakati pa makoswe athu panali ena okalamba, aubweya wothothoka, amene tinkawasunga chifukwa chosowa wowataya. Amenewa ankaiwala chilichonse, ngakhale pomwe pali madzi. Koma njira ya terasi ankaikumbukira kuposa ana. Pak Kuntoro anandiitana kuti ndidzaone. Anabwereza. Anandiitananso.

"Nang, ukuona zimene ndikuonazi, kapena ndili ndi njala?"

"Ndikuona, Pak."

"Chifukwa chiyani nkhalamba?"

"Sindikudziwa, Pak."

"Inenso sindikudziwa," anatero, ndipo anamwetulira ngati mwana amene wapatsidwa mpira.

Kuyambira pamenepo za kudzitsutsa anaziiwala. Ankafika m'mawa kwambiri ine ndisanafike, pa basi, atanyamula mpunga wawo m'kabokosi. Anayamba kuimbirana foni ndi Dokotala Dimaculangan, yemwe poyamba ankamutcha mwana wa simenti uja. Ankakangana pafoni mpaka batire kutha, iwo akuti ndi mphuno, iye akuti ndi ubongo. Ndinawafunsa tsiku lina ngati akuganiza kuti pepala latsopanoli lidzatchulidwa kwambiri.

"Likadzakhala loona, ayi," anayankha, maso ali pa khoswe. "Tandipatsa nkhalamba ya khutu long'ambika ija."

Pepalalo mpaka lero silinatuluke. Pak Gunadi nthawi yawo inatha, ndipo Rekita watsopano ndi katswiri wa zamalonda amene wapeza njira ina yokwezera yunivesite. Walamula kuti mphunzitsi aliyense azitchula aphunzitsi anzake asanu m'pepala lililonse, kaya nkhani zikugwirizana kaya ayi. Mwezi wathawu ine ndinatchulidwa m'pepala lonena za matenda a chinangwa.

Wovutika kwenikweni ndi Bu Sumarni. Anandipeza pamsika tsiku lina n'kundigwira dzanja.

"Mas Danang, mwamuna wanga munamutani? Kale ankabwera kunyumba akununkhira mafuta a m'mahotela. Pano akamatsika basi, amphaka a mumsewu wonse amamulondola."

"Akusangalala, Bu."

"Asangalale, koma m'nyumba mwanga salowa choncho."

Ndipo salowadi. Anawaikira ndowa, sopo ndi sarong pampopi wa panja, pafupi ndi makola a njiwa. Madzulo alionse anthu oyandikana nawo amaona Profesa Kuntoro Wiryawan atakhala pakampando, akudzithira madzi ndi chikho chapulasitiki, uku akufotokozera mkazi wawo kudzera pawindo zimene khoswe wokalamba wachita tsiku limenelo. Bu Sumarni amayankha kuti atsuke bwino kuseri kwa makutu.